Kit car yoyamba kuno ku Joni: yambani ndi mapepala, sipanala pambuyo

Achimwene, mwati mwapeza kit car ziwiri (galimoto zogula m'zidutswa n'kumanga nokha) zomwe eni ake anazisiyira panjira, ina ya maonekedwe a Cobra (galimoto yaliwiro ya injini yaikulu), ina ya mtundu wa Seven (kagalimoto kopepuka ka mipando iwiri kotengera Lotus Seven), ndipo mukufunsa yoti mutenge poti muli ndi galaja ya galimoto imodzi komanso nthawi ya Loweruka ndi Lamlungu yokha. Tengani Seven. Cobra imafuna injini ya V8, giyabokosi yolimba, matayala aakulu ndi petulo wambiri, ndipo chilichonse mwa izi n'chodula. Seven imalemera makilogalamu pafupifupi 600, anthu awiri amaikankha bwinobwino, ndipo muno mu South Africa ndi yodziwika chifukwa kampani ya Birkin ya ku Durban inayamba kupanga galimoto zotere m'zaka za m'ma 1980.

Koma musanapereke ndalama, funsani mapepala. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Galimoto yomanga nokha imalembetsedwa pa NaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto, ngati built-up, ndipo adzafuna kalata ya apolisi yotsimikiza kuti injini ndi chasisi si zakuba, satifiketi ya kulemera kwake kuchokera pa sikelo ya magalimoto, ndi ya roadworthy yosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Injini yopanda lisiti, kapena yomwe nambala yake inapalidwa, isiyeni ngakhale ikhale yotchipa bwanji. Mukhoza kumanga zaka ziwiri kenako n'kukhala ndi galimoto yongoyendera pa ngolo. Pitani ku ofesi ya malayisensi ya kufupi ndi kwanu mukatenge mndandanda wa zofunika musanayambe ntchito, ndipo lisiti lililonse, ngakhale la mabawuti, muziliika m'fayilo imodzi pamodzi ndi zithunzi za ntchitoyo.

Chasisi muiyang'ane ndi tochi, makamaka mapaipi a pansi ndi pomwe pamangidwa saspenshoni. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi burashi ya waya, koma powotcherera pakakhala mng'alu ndiye kuti pafunika mmisiri. Yezaninso ndi tepi mopingasa, kuchokera pa ngodya ya kutsogolo kumanja kufika ya kumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Miyezo ikasiyana kwambiri, chasisiyo ndi yopindika ndipo galimoto izingokokera mbali imodzi.

Pa injini, yosavuta ndi Ford Kent 1600 ya mu Escort, Cortina kapena Bantam yakale, chifukwa imalumikizana ndi giyabokosi ya Ford yoyendetsa matayala akumbuyo popanda zosula zambiri. Toyota 4A-GE ndi yokoma kwambiri, imakwera marevu mopepuka, koma zambiri zomwe mungapeze kuno zinachokera m'magalimoto okoka ndi matayala akutsogolo, choncho mudzafunika giyabokosi ina ndi kusintha njira ya mapaipi a madzi.

Tsopano nkhani yomwe a ku Durban ndi ku Cape Town sakumana nayo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse. Kabuleta yochunidwa kugombe ikabwera kuno imamwa petulo wochuluka kuposa mpweya: mapulagi amada ngati makala, utsi umanunkha petulo, injini imachita ulesi. Mankhwala ake ndi kuika majeti (timabowo todutsa petulo m'kabuleta) ocheperako, osati mongoganiza, koma ndi chida choyezera chisakanizo cha mpweya ndi petulo. Poyenda mwachizolowezi chizisonyeza pafupifupi 14.7 (magawo a mpweya pa gawo limodzi la petulo), mukaponda moto mpaka pansi chikhale pakati pa 12.5 ndi 13. Chenjerani ndi ulendo wopita kugombe. Kabuleta yomwe mwaichunira kuno ikatsikira kumeneko petulo amachepa, injini imatentha n'kuyamba kugogoda, ndipo pisitoni imatha kubooka. Ngati mudzayenda maulendo otere, ndi bwino kuika jekeseni wa petulo (fuel injection) m'malo mwa kabuleta, pamodzi ndi kompyuta ya injini ngati Dicktator kapena Spitronics, zomwe amakaniko ambiri a ku Gauteng amazidziwa, n'kukachunitsa pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini. Petulo gwiritsani 95.

Zovuta zina ndi zazing'ono koma zimadya masabata. Faibala (fibreglass) ya pa bodi sidutsitsa magetsi, ndiye nyali iliyonse yomangidwa pa faibala imafuna waya wake wa earth wopita ku chasisi. Mukaona indiketa ikuphethira limodzi ndi nyali ya mabuleki, vuto lili pamenepo. Radiyeta ya Seven imakhala m'munsi kuposa mutu wa injini, mpweya umatsakamira m'mapaipi ndipo geji imakwera mukaima pa maloboti. Ikani kathanki ka madzi pamalo okwera kuposa injini, ndipo pothira madzi kwezani kutsogolo kwa galimoto ndi jeke. Pa saspenshoni, chiwongolero ndi mabuleki, bawuti iliyonse ikhale ya giredi 8.8 kapena kuposa, ndi nati yatsopano ya nyloc, ya pulasitiki m'kati yoletsa kumasuka. Sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ikhale masentimita osachepera 10 kuchokera pansi, apo ayi mabampu ndi maenje a m'misewu yathuyi adzaiboola.

Matayala musawapope ngati a Corolla. Galimoto yopepuka chotere imafuna 1.3 mpaka 1.6 bar. Mukapopa 2.2 imadumphadumpha ndipo kumbuyo kumaterereka, makamaka mvula ya masana ija ikangoyamba. Ndipo poti ilibe denga, nyengo ya matalala muzionera kumwamba musanatuluke.

Ikalembetsedwa, makilomita oyamba akhale a pafupi ndi kunyumba, mukabwera muzimanganso mabawuti ndi kuyang'ana ngati pali podontha. Liwiro mukayesere pa bwalo la mpikisano wa magalimoto ku Zwartkops kapena ku Red Star Raceway ku Delmas pa masiku omwe amalola galimoto za anthu wamba, mutavala chisoti. Musanapiteko ikani timakoma m'kati mwa sampu, chifukwa pokhota mwamphamvu oyilo amathawira mbali imodzi, pampu imayamwa mpweya, ndipo mabeyaringi amatha m'masekondi ochepa.