Yankho kwa achimwene a Sienta pa zoyendera gasi

Achimwene, mwafunsa ngati Sienta yanu ingasinthidwe kuti iziyendera gasi poti mizere ya petulo yakufikani pakhosi, ndipo mwati mekaniki wina wakulonjezani kuti angomangirira silinda yophikira m'buti n'kukoka paipi mpaka ku injini. Ine ndayendetsa galimoto ya gasi zaka zinayi kuno ku Leeds, ku England, ndiye ndiloleni ndiponyepo mawu. Kusinthako n'kotheka ndithu, koma njira ya mekaniki wanuyo musayerekeze n'komwe.

Gasi wake ndi yemweyo wa kukhitchini, LPG, wosakaniza propane ndi butane. Ku Turkey, Italy ndi South Korea anthu anazolowera kalekale, ku Poland kokha magalimoto otere alipo pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mataxi ambiri a ku Tokyo ndi Hong Kong amayendera iyeyu. Pali wina anati ku Dar es Salaam zikutheka, koma kumeneko ndi CNG, gasi wina amene Tanzania imakumba yokha ku Songo Songo ndi Mtwara. Ameneyo amapanikizidwa mpaka 200 bar (muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), pamene LPG nthawi zambiri sapitirira 10 bar. Mathanki ake ndi osiyana, osasinthanitsa.

Zida zenizeni zimakhala chonchi. Thanki yake ndi yachitsulo chochindikala, yozungulira ngati donasi, imalowa pamalo pa tayala la sipeya. Pakamwa pake pali valavu imene imatseka yokha gasi akafika pa 80 peresenti, chifukwa m'thankimo amakhala wamadzimadzi ndipo akatenthedwa amafufuma, amafuna mpata. Valavu yomweyo imadula gasi paipi ikaduka pangozi. Kutsogolo kuli kachipangizo kotchedwa reducer, kamene kamafunditsidwa ndi madzi otentha a mu injini n'kusandutsa gasiyo kukhala mpweya, kenako ma injector akeake olowetsa gasi mu injini ndi kakompyuta kake. Galimoto imalira ndi petulo m'mawa, madzi akafunda kufika madigiri 30 kapena 40 mumangomva kuti "thi", kanyale ka pa dashibodi kasintha mtundu, basi mwayamba kuyendera gasi. Ndiye dziwani kuti petulo simusiyana naye kotheratu. Mayina odalirika ndi BRC, Lovato ndi Landi Renzo a ku Italy, Prins ya ku Netherlands, ndi Stag ya ku Poland. Pa thanki muyang'ane chidindo cha 67R, chosonyeza kuti inavomerezedwa kusunga gasi wa galimoto.

Silinda yophikira ilibe zonsezi. Inapangidwa kuti iziima chilili pambali pa mbaula, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Injini ikayamba kukoka mwamphamvu silindayo imazizira mpaka kuchita chisanu kunja, mphamvu n'kuthera pachitunda. Mukaigoneka imalavula gasi wamadzi m'paipi yosayenera. Choopsa kwambiri n'chakuti LPG ndi wolemera kuposa mpweya wamba, akatayika sauluka, amadikha pansi ngati madzi. Sienta ilibe buti yotsekeka payokha, kumbuyoko ndi komwe kumakhala anthu. Wina angoyatsa fodya, kapena waya wa sipika athetheke, nkhani yathera pomwepo.

Koma chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi masamu ndi pampu. Lita ya gasi ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo, ndiye galimoto imamwa moonjezera, pafupifupi 20 peresenti. Kilo imodzi ya gasi ndi malita osakwana awiri. Mwachidule, ulendo umene mumathira malita 10 a petulo udzafuna makilo 6 ndi theka kapena 7 a gasi. Imbani kumene mumagula gasi wophikira, mufunse mtengo wa makilo 7 lero, muyerekeze ndi malita 10 pa mtengo wa MERA. Chotsalacho ndicho chidzabweze ndalama ya zida ndi ya mmisiri, ndiye muwerenge kuti zidzatenga miyezi ingati. Ku Poland ndi kuno zimapindulitsa chifukwa boma limadula msonkho wochepa pa gasi wa galimoto. Kumudzi ku Malawi gasi amabwera kuchokera kunja ndi ndalama zakunja zomwezo zimene zikusowetsa petulo, ndiye naye amatha kusowa.

Za pampu ndinaziona ndi maso. Pamene ndinkagula galimoto yanga, pothira panali pafupi ndi nyumba. Mu 2020 malo a Shell anachotsa mapampu awo a gasi, ndipo ndinayamba kuyenda mtunda wautali kukasaka gasi wotchipayo, phindu n'kumathera panjira. Kuthirako nakonso kuli ndi mwambo wake: mfuti ya pampu imakoledwa pakamwa pa thanki, ndipo pochotsa imapemerera "fuu" kautsi koyera kozizira moti kangakuwaule chala, n'chifukwa chake ndinkasunga magolovesi m'galimoto. Kutsanulira gasi kuchokera mu silinda kupita m'thanki kuseri kwa nyumba si njira, ndi ngozi ina.

Ku injini, gasi amapsa mwaukhondo, oyilo amachedwa kuda. Vuto lake ndi loti ndi wouma komanso amatentha kwambiri, ndiye mavalavu a injini zina za ku Japan amadyeka msanga. Ine galaja ina inanditchunira molakwika, gasi ankalowa wochepa, ndipo patatha chaka valavu imodzi inapsa, mpaka kutsegula hedi. Kuyambira pamenepo ndinaikitsa kabotolo ka Flashlube kodonthezera mafuta ku mavalavu. Injini ya 1NZ ya m'ma Sienta ambiri imasinthika bwino, koma za D-4 kapena GDI, zimene zimapopera petulo mwachindunji momwe amapsera, zimafuna zida zina zodula, ndipo a dizilo nkhaniyi si yanu.

Mukapeza pothira podalirika ndipo masamu akakuvomerani, mmisiri akuonetseni galimoto imene anasinthapo kale ndi laputopu imene amatchunira. Musanayambe ntchito, kafunseni ku Road Traffic komanso a inshuwalansi anu, ndipo yankho lawo alembe papepala, chifukwa galimoto yosinthidwa mwakachetechete ikapsa akhoza kukana kulipira.