Chitsamba cha maluwa achikasu chadzaza kukhola: yankho kwa mayi a ku Balaka

Mayi wina wa ku Balaka anandilembera pa imelo sabata yatha. Akuti kuzungulira khola lawo la mbuzi kwadzaza tizitsamba tolimba ta maluwa achikasu onga a therere. Mbuzi sizitidya, ndipo akatitchetcha timaphukanso mochuluka. Akufunsa kuti n'chiyani, nanga atani.

Mayi, chithunzi mwatumizacho ndachiona. Chimenecho ndi chomera chomwe akatswiri amachitcha Sida acuta, chijachi anthu amazula n'kumanga tsache losesera pabwalo. Mwanena zoona kuti duwa lake likukumbutsani therere, pakuti ndi pachibale: therere, thonje, chidede, limanda ndi chitsambachi n'za banja limodzi. Kwawo kwenikweni kwa chitsambachi ndi ku Central America, koma lero chili ponseponse m'mayiko otentha.

Kuti mutsimikize, yang'anani masamba. Ndi aatali, osongoka kunsonga, m'mbali mwake muli timano ngati ta sowo. Mukafikisa tsamba ndi zala limaterera. Tsinde lake silithyoka wamba, khungwa limasendeka ngati luzi. Duwa likayoyoka pamatsala kachipatso kouma komwe kamagawika tizigawo, ndipo kachigawo kalikonse kali ndi timinga tiwiri. Timingati ndi timene timakola mu ubweya wa mbuzi ndi m'chitenje chanu. Ndiye musadabwe kuti chayambira kukhola.

Za kutchetchazo, lekani kudzivutitsa. Muzu wake umapita pansi kwambiri, ndipo mukadula pamwamba mwangochithandiza kuchita nthambi. Zulani ndi muzu womwe, mvula itangogwa nthaka ili yofewa, chomeracho chisanachite maluwa. Zokhwima zimafuna khasu. Zomwe zabereka kale musaziponye pa manyowa. Ziunjikeni pamodzi, ziume, muzitenthe. Ndiponso tsache lija, ngati munalimanga lili ndi njere, dziwani kuti m'mawa uliwonse mukusesa uku mukufesa. Ine zinandichitikira: mzere wonse wa kuseri kwa khitchini, komwe ndinkatayira zinyalala, unamera zokhazokhazo.

Chaka chimodzi sichikwana. Njere zake zili ndi chikopa cholimba, sizimera zonse nthawi imodzi, kotero dzinja lotsatira mudzaonanso tina. Mankhwala a 2,4-D amapha tomera kumene, koma kwanuko anthu amalima thonje, ndipo thonje silimvana nawo ngakhale pang'ono. Mukamapopera, kamphepo kokha kakhoza kuulutsa mankhwalawo n'kumuonongera munda mnansi wanu. Musanagule kafunseni alangizi a zaulimi.

Ku Australia chitsambachi chinavuta kwambiri m'mabusa a ng'ombe a ku Northern Territory, mpaka mu 1989 anakatenga kachikumbu kotchedwa Calligrapha pantherina ku Mexico kuti kazidya masamba ake. Ife kachikumbu kathu ndi manja.

Koma chomwe ndingakupempheni muyang'anitsitse ndi nthaka ya kukholako. Chitsambachi chimakonda pamene ziweto zadya udzu mpaka kusiya dothi poyera. Mukazula n'kusiya pambalambanda, chibweranso. Tchingani mbali imodzi ndi minga kuti mbuzi zisafikeko mpaka udzu utagwira, kapena dzalanipo nsenjere, zomwe mudzazidulirenso mbuzizo m'chilimwe. Kenako musamutsire mpandawo mbali ina.