Aphunzitsi, ana muwayambe ndi Alpha Centauri

Mwafunsa kuti ana anu a giredi 7 muwaonetse nyenyezi iti kuti akhulupirire zoti dzuwa nalonso ndi nyenyezi, ndiponso ngati ndalama za kalabu mugulire mabainokyula. Ine ndikuti Alpha Centauri, ndipo ndalamazo muyambe mwazisunga.

Kuipeza sikovuta. Mu Juni cha m'ma 21 koloko, imani pabwalo la mpira muyang'ane kummwera, cha ku Chadiza. Muona Mtanda wa Kummwera, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, mkati mwa mlalang'amba, ndipo kumanzere kwake kuli nyenyezi ziwiri zowala zoloza Mtandawo. Yotalikirana nawo, yachikasu pang'ono, ndiyo imeneyo. Usiku imaposedwa kuwala ndi Sirius ndi Canopus basi. Musadikire Ogasiti, anthu akayamba kutentha tchire posaka mbewa kumwamba kumangoti mbuu ndi utsi.

Maso amaona imodzi, koma zilipo zitatu. Yaikulu, Alpha Centauri A, ili ngati mkulu wake wa dzuwa lathu: mtundu ndi umodzi, kutentha kwa pamwamba pake n'kofanana, pafupifupi madigiri 5,500, kungoti ndi yotambalala pang'ono ndipo imawala kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi dzuwa. Inzake, B, ndi yocheperapo, yofiirira ngati lalanje, kuwala kwake theka la dzuwa. Ziwirizi zimazungulirana, ulendo umodzi zaka 80. Zikayandikana kwambiri mpata wake umakhala ngati wa dzuwa ndi Saturn, zikatayana umapitirira wa dzuwa ndi Neptune.

Apa ndiye pali nkhani ya mabainokyula. Ine ndinagula anga mtauni muno ndili ndi chiyembekezo chonse, ndinakhala panja mpaka zala kuuma ndi chisanu, koma A ndi B zinangokhala kadontho kamodzi konjenjemera. Zimafuna telesikopu, ngakhale yaing'ono, yokhazika pa miyendo yake. Funsani kusekondale yapafupi, mwina ili m'kabati ikudya fumbi.

Yachitatu, Proxima Centauri, musavutike kuisaka. Ndi kanyenyezi kofiira, kozizirirapo, kulemera kwake gawo limodzi mwa magawo 8 a dzuwa, ndipo ndi maso sikaoneka. Anakapeza katswiri wa nyenyezi Robert Innes ku Johannesburg mu 1915, ndipo mu 2016 kanapezeka kuti kali ndi pulaneti yokazungulira m'masiku 11 okha. Anawo auzeni kuti chaka cha kumeneko n'chachifupi kuposa milungu iwiri, muone m'mene atsutsire.

Chomwe chimawagwira mtima kwambiri ndi mtunda. Kuwala kwa dzuwa kumatifika m'mphindi 8. Kwa Alpha Centauri kumatenga zaka 4 ndi miyezi ingapo, chonsecho ndiwo aneba athu apafupi kuposa nyenyezi zina zonse. Muloze mwana mmodzi mumufunse kuti kuwala akuonako pamene kunkanyamuka iye anali giredi yanji. Awerenge yekha ndi zala. Tochi muikute ndi pepala lofiira kuti isawathobwe m'maso, ndipo muwauziretu makolo kuti ana abwere ndi majuzi.