Tsamba likukana dzina la alimi mu Laravel

Funso: Achimwene, ndikukonza pulogalamu ya Laravel (chida chopangira mawebusayiti m'chilankhulo cha PHP) yosungira mayina a alimi a soya ndi mtedza a kalabu yathu kuno ku Santhe, m'boma la Kasungu. Mayinawo alimo mu database, koma ndikatsegula tsamba likungolemba kuti "Undefined variable $alimi". Kodi ndalakwitsa pati?

Yankho: Vuto limeneli ndakumana nalo kambirimbiri, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi dzina. View (fayilo yoonetsa tsamba) sadziwa zimene zili mu controller (khodi yotenga mayina mu database), amangolandira zimene mwamupatsa pa mzere wa return. Mukalemba return view('alimi.onse', ['mayina' => $alimi]), ku tsamba kumafika $mayina osati $alimi, chifukwa Laravel amatenga liwu lomwe lili kumanzere kwa muvi. Kumbukiraninso kuti kwa PHP, $Alimi ndi $alimi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mu compact('alimi') simulowa chizindikiro cha dola. Zotere zimachulukira anthu okopera khodi m'mavidiyo a pa YouTube, amene amasintha dzina m'fayilo imodzi n'kuiwala inzake.

Musanagwire china chilichonse, lembani dd($alimi); mu controller, pamwamba penipeni pa mzere wa return, kenako mutsegulenso tsambalo. Ine sindiyamba kufufuza kwina ndisanachite zimenezi, popeza mzere umodziwu umaimitsa pulogalamu pomwepo n'kuonetsa zomwe zili m'dzinalo. Mayina a alimi akaoneka, controller akuwapeza bwino mayinawo, ndipo mubwerere kukayerekeza dzina la pa return ndi la m'fayilo ya Blade (view uja) chilembo ndi chilembo. Mukaona mndandanda wopanda kanthu, palinso cholakwika china pa momwe mukufunsira database. Koma uthenga wakale uja ukabweranso n'kumalozabe fayilo ya Blade ngati simunalembe kalikonse, ndiye kuti pulogalamu sikudutsa n'komwe pa function imeneyo. Pamenepo lembani php artisan route:list muone komwe adilesiyo ikulowera, chifukwa ambiri amasiya Route::view m'fayilo ya web.php, yomwe imatsegula tsamba molambalala controller. Mukamaliza mufufute dd uja, pakuti ndaonapo mapulogalamu ataperekedwa kwa eni ake iye akadali momwemo.

Ngati mukufika pa tsambalo kudzera pa redirect()->with(), zimene mwatumizazo zimapita mu session (mosungira zinthu za wotsegula tsamba kwa kanthawi), ndipo zimawerengedwa ndi session('alimi'). Chonde musabise uthenga wa "Undefined variable" uja ndi isset (yoyang'ana ngati dzinalo lilipo) monga amachitira ena ofuna kuthamanga, chifukwa tsamba lidzatseguka ndithu koma mlembi wa kalabu adzapeza tebulo lopanda dzina ngakhale limodzi.