Ayisi wosungunuka pa mbale sakuphunzitsa kuzizira

Madamu, mwafunsa mmene mungaonetsere ana a Sitandade 5 kuti kuzizira kumasintha zinthu, pasukulu yopanda magetsi, komanso mwapempha lesson plan, dongosolo la phunziro. Ya lesson plan ena akupatsani. Ine ndinena zimene ndinagwira ndi manja angawa.

Amene akukuuzani kuti tengani ayisi muike pa mbale ana aonerere akusungunuka, pepani, akusokeretsani. Ayisi akamasungunuka ndiye kuti akulandira kutentha. Inu mutu wanu ndi wobwerera: nthunzi isanduke madzi, madzi aundane. Mukayamba ndi mbale ija, ana amasakaniza mitu iwiriyi mpaka pa mayeso.

Chimene chinandipweteka ine n'chakuti chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinabweretsa botolo la madzi ozizira, ndinaliika pa tebulo, timadontho n'kuyamba kuoneka kunja kwake. Nditafunsa kuti madziwa achokera kuti, kalasi yonse inayankha limodzi kuti botolo likutuluka thukuta. Ena anati labooka. Ndinalongosola mpaka mawu kutha kuti m'mpweya muli nthunzi yosaoneka, imene ikakhudza chinthu chozizira imasanduka madzi. Anagwedeza mitu. Pa mayeso a kumapeto kwa teremu, mapepala ochuluka anabwera ndi thukuta lomwe lija. Sindikuwanena anawo, chifukwa zimene anaona ndi maso zimagwirizana ndi yankho lawo: madzi m'kati, madzi kunja.

Ndiye musagwiritse ntchito madzi oyera. Gulani mafirizi ofiira kapena achikasu pamsika, mwina K100 kapena K200 imodzi, ngakhale mitengo ya masiku ano simungaidalire. Khumi akwana magulu khumi. Akulungeni mu nyuzipepala ndi nsanza, kapena bwerekani kabokosi ka ogulitsa aja, ndipo phunzirolo likhale la mmawa. Gulu lililonse lipukute firizi yawo iume, adikire pang'ono, kenako apukutenso ndi pepala loyera. Pepala linyowa koma silifiira. Apo afunseni: ngati madziwa atuluka m'kati, kufiira kwatsala kuti? Musawayankhire. Asiyeni akangane. Koma uzani mtsogoleri wa gulu kuti firizi ikabooledwa ndi mano, gulu lonse lalephera, apo ayi muipeza ili m'mimba phunziro lisanafike pakati.

Kuchoka apo pitani ku zimene amaziona kwawo. Chivindikiro cha poto chimadontha madzi amayi akavundukula. Udzu umakhala ndi mame mmawa koma usiku mvula sinagwe. M'mwezi wa June mwana akapuma panja, pakamwa pamatuluka ngati utsi. Ndipo dziwani kuti choyera chimene timachiona pamwamba pa poto ndi timadontho tozizira kale, nthunzi yeniyeniyo sioneka. Wina akweza dzanja n'kunena za paipi yophikira kachasu imene imadutsa m'madzi ozizira. Ali bwino, sayansi yake ndi yomweyo, ingomuyamikirani n'kupitirira msanga.

Mbaula ndi poto wowira m'kalasi la ana 90, ine ndikukaniza. Amakankhana kuti aone, ndipo nthunzi imawotcha kuposa mmene imaonekera. Ngati simungachitire mwina, tulukani panja, jambulani mzere pansi, poto mugwire nokha.

Za kuundana, chophweka ndi kandulo, mwina K500 kapena kupitirirapo. Donthezani phula pa supuni yozizira kapena m'madzi a m'mbale, ana aone likulimba pompopompo. Wodontheza ndi inu, osati mwana. Mafuta a nyama amene amagwirana mu poto ndiwo zikagona ndi chitsanzo chabwinonso, ndipo chimawathandiza kuona kuti si madzi okha amene amalimba akazizira, komanso kuti chinthu chilichonse chili ndi polimbira pake. Madzi amafuna 0 digiri, phula limalimba likadali lofunda.

Mukapeza ayisi wambiri, mutha kuundanitsa madzi ana akuona, opanda firiji. Phwanyani ayisi m'chitini, thirani mchere wochuluka, pafupifupi gawo limodzi la mchere pa magawo atatu a ayisi, ndipo kwirirani m'menemo kapulasitiki kokhala ndi madzi a supuni imodzi kapena ziwiri. Mchere umawonjezera kuzizirako mpaka kutsika pansi pa 0, ndipo pakapita mphindi khumi kapena kuposerapo timadzi tija timalimba. Yesani kaye kunyumba. Mukaumira mchere kapena kuchulutsa madzi, muima pamaso pa ana ngati wamatsenga amene mankhwala amukana. Ana asagwiritse ayisi wamchereyo m'manja nthawi yaitali, amapweteka khungu.

Mukapempha malo mu firiji ya munthu, musaikemo botolo lagalasi lodzaza ndi lotseka. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo galasi limaphulika. Tengani lapulasitiki, lembani mzere pamene madzi alekezera, mawa ana aone ayisi atadutsa mzerewo.

Mawu a Chingerezi, condensation (nthunzi kusanduka madzi) ndi freezing (kuundana), muwalembe pa bolodi pomaliza, pepala lonyowa lija lili m'manja mwawo.