Kodi kuchotsa msonkho pa zipangizo zosadya magetsi ambiri n'kokwanira?

Owerenga ena andilembera imelo kufunsa ngati dziko losauka, likachotsa msonkho pa mababu, mafiriji ndi zipangizo zina zosadya magetsi ambiri, lingathe kutukuka popanda kuwonjezera mpweya woipa umene ukusokoneza nyengo. Akulu, kuchotsa msonkho kumathandiza ndithu, koma pakokha sikukwanira, ndipo zimene zinachitika ku Ghana zikutiwonetsa chifukwa chake.

Ghana inachotsa msonkho pa mababu osadya magetsi ambiri m'chaka cha 2003, komabe mabanja ambiri anapitiriza kugula mababu akale aja, otentha ngati moto ukawakhudza, chifukwa ndiwo anali otchipa pashelefu. Zinthu zinasintha mu 2007, pamene madzi anaphwa kwambiri m'damu la Akosombo pa mtsinje wa Volta ndipo magetsi anayamba kuthimathima dziko lonse. Boma linagawa mwaulere mababu atsopano okwana 6 miliyoni posinthanitsa ndi akale, ndipo magetsi ofunika nthawi yamadzulo anatsika ndi mamegawati 124. Chiwerengerochi tisachione mopepuka, pakuti chikuyandikira mamegawati pafupifupi 130 amene Malawi inataya pamene namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022. Ku Ghana magetsi onsewo anapulumutsidwa popanda kumanga damu lina kapena kuyatsa majenereta a dizilo.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi chimene chinatsatira. Mu 2008 Ghana inakhazikitsa lamulo loletsa kulowetsa m'dzikomo mababu akale pamodzi ndi mafiriji a kaunjika, ndipo chiletso cha mafiriji chinayamba kutsatidwa kwenikweni mu 2013. Aliyense amene anakhalapo ndi firiji yotere akuidziwa bwino: labala ya pachitseko inatha kalekale, injini yake imangolira usana ndi usiku osapuma, ndipo mayunitsi amatha mwezi usanafike pakati. Wogula amaona ngati wapulumutsa ndalama tsiku logula, koma amalipira pang'onopang'ono zaka zonse, pamene dziko limene linataya firijiyo ladzipeputsira zinyalala. Mafiriji atsopano nawonso analamulidwa kukhala ndi chikwangwani cha nyenyezi chosonyeza kadyedwe kake ka magetsi, kuti ngakhale munthu wosadziwa za mawaya athe kusiyanitsa.

Dandaulo lakuti chiletso chotere chimapweteka osauka ndi lomveka, chifukwa firiji yatsopano ndi yodula. N'chifukwa chake mu 2012 Ghana inayamba kuchotserako mtengo anthu amene abweza firiji yakale pogula yatsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti kuletsa popanda thandizo lotere kukanangolimbikitsa ozembetsa katundu.

Pa mgwirizano wa mayiko onse ndilibe chiyembekezo chachikulu, popeza zokambirana za ku WTO, bungwe loona za malonda pakati pa mayiko, zochotsa msonkho pa katundu wosamalira chilengedwe, zimene zinayamba mu 2014, zinaima mu Disembala 2016 osagwirizana kanthu.

Kuno kwathu boma linachotsa VAT pa zipangizo za sola ndi mababu osadya magetsi ambiri mu 2019, ndipo linachita bwino. Vuto ndi lakuti chipata chotsegulira katundu wabwino chimalowetsanso mabatire ndi mababu achinyengo, amene amafa pakangopita miyezi yochepa n'kuchititsa anthu kutaya chikhulupiriro pa sola yeniyeniyo. Ndalama zimene boma likulolera kutaya pa msonkho ziyenera kuyendera limodzi ndi kupatsa Malawi Bureau of Standards anthu ndi makina okwanira oyezera katundu wolowa pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe asanafike m'masitolo.