Bodi yakale ya m'galaja: ndiikonze kapena ndiisiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina wa ku Capricorn, pafupi ndi Muizenberg kuno ku Cape Town. Abwana ake pokonza m'galaja anamupatsa surfboard yakale, bodi yosewerera pa mafunde a m'nyanja. Akuti inasanduka yachikasu, nsonga yakutsogolo inaphwanyika, pansi ili ndi fini (chipsepse chowongolera bodi) imodzi yokha, ndipo pamwamba pali malo ena amene akadina ndi chala amalowa. Funso lake ndi lakuti: "Ndiwonongerepo ndalama, kapena ndisunge kuti ndidzagule ina? Ndikufuna kuphunzira kusewera pa mafunde."

Achimwene, musanagule chilichonse, inyamuleni kaye. Mkati mwa bodi muli fomu yolimba, pakati pamadutsa kathabwa kopyapyala kotchedwa stringer, ndipo kunja anakuta ndi nsalu ya fibreglass yomatidwa ndi resin, guluu amene amalimba akauma. Chikopa chimenechi chikang'aluka, madzi amalowa n'kukhazikika mu fomu. Bodi yomwa madzi imalemera modabwitsa, dzanja limakuuzani lokha. Anzathu akuno ali ndi njira ina: amaika pakamwa pa mng'alu n'kuyamwa. Mukamva mchere, madzi alimo. Pamenepo tsegulani bala lonse ndi kampeni, muiimike pamthunzi chilondacho chili pansi, milungu iwiri kapena kupitirira. Padzuwa ayi, chifukwa kutentha kumatukumula mpweya wa mkati ndipo chikopa chimasiyana ndi fomu.

Kusiyana kumeneku ndiye matenda amene ndikuwaopa pa malo ofewa mwatchulawo. Tengani ndalama ya R5 mugogode bodi yonse pang'onopang'ono. Pabwino pamalira molimba, pomwe chikopa chamasuka pamalira ngati chigubu chopanda kanthu. Zungulizani malowo ndi pensulo. Akakhala ngati chikhato, n'zotheka kukonza pakhomo. Akatenga theka la pamwamba, kapena stringer itathyoka, ine sindingaikepo ndalama yoti ndiloweremo nayo m'madzi. Nsonga yophwanyikayo isakudetseni nkhawa, ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Chikasucho n'chadzuwa ndi ukalamba basi, sichisokoneza kanthu.

Tsopano nkhani ya fini imodziyo, pakuti ndi imene yandichititsa kulemba zambiri chonchi. Mabodi a mafini atatu amene adzaza ku Surfers' Corner, pagombe la Muizenberg, anafala Simon Anderson wa ku Australia atapambana nawo mipikisano mu 1981. Zaka za m'ma 1970 anthu ambiri ankakwera a fini imodzi. Mwina yanu ndi ya nthawi imeneyo, ngakhale ena amaapangabe mpaka lero. Itembenuzeni, mupukute fumbi, muyang'ane m'mbali mwa stringer cha kumchira. Wosema bodi nthawi zambiri amalembapo dzina lake, muyeso ndi nambala ndi pensulo asanathire resin. Dziko lino lili ndi osema otchuka, monga Spider Murphy wa ku Durban amene ankasemera Shaun Tomson, katswiri wa dziko lonse lapansi pa masewerawa mu 1977. Pali anthu amene amasonkhanitsa mabodi otere, ndipo amawafuna ali ndi chizindikiro chawo ndi mtundu wawo woyamba. Ndiye chonde, musaipake penti, musapale chizindikiro ndi sandipepa. Ndimamva chisoni ndikaona bodi ya zaka makumi anayi itapopedwa penti yoyera kuti ioneke yatsopano, mbiri yake yonse itakwiririka.

Mukaganiza zokonza, cholinga chikhale chimodzi: madzi asalowenso. Kukongola kusiyeni. Koma dziwani kaye mtundu wa fomu. Mabodi akale ambiri ndi a polyurethane, imene ukaikanda imanyenyeka ngati ufa, ndipo imalola resin ya polyester. Ina ndi EPS, ya timibulu toyera ngati ija amatchingira TV m'katoni. Imeneyi inachuluka fakitale ya Clark Foam ya ku California, yopanga fomu ya polyurethane, itatseka mu December 2005. Polyester imasungunula EPS. Ndinaziona ndi maso anga pa bodi yanga yoyamba: ndinathira resin pa kabowo kolowa chala, ndipo ndikuyang'ana pomwepo fomu inadyeka mpaka panatsala dzenje lolowa chibakera. Mukakayika, gulani resin ya epoxy, imagwira pa mitundu yonse iwiri. Gwirirani ntchito panja, muvale magolovesi ndi chophimba kumphuno popala, ndipo mankhwala oumitsira resin asayandikire maso.

Chomaliza ndikuuzeni mosabisa. Ngati bodiyo ili yosongoka kutsogolo ndi yopapatiza kumchira monga ambiri a nthawi ija, si yophunzirira. Imagwedera, ndipo ikakumenyani imapweteka. Mafunde a ku Muizenberg ndi odekha, oyenera woyamba kumene, ndipo m'mashopu a m'mbali mwa gombe amabwereketsa mabodi aatali ofewa pa ola. Yambirani pamenepo. Yakaleyo muiumitse, mutseke mabala, idikire mpaka miyendo itazolowera.

Munditumizire zithunzi ziwiri: cha kumchira pomwe pali zolemba za pensulo, ndi cha malo mwazunguliza aja mutaikapo dzanja kuti ndione kukula kwake. Mundiuzenso makilogalamu ake lero, kenako muiyezenso pakatha milungu iwiri ili pamthunzi.